Padi ya PS4 batani la X lasiya kumvera, thandizeni abale

Wa magemu Ndirande: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Abale ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kamalo koseweretsa gemu kuno, ma PS4 (PlayStation 4) awiri mapadi ake oseweretsera anayi, ndiye padi imodzi batani la X layamba kushupa kuyambira sabata yatha. Poyamba limafuna ulidine mwamphamvu ndiye limvere, pano udina mpaka chala kuwawa koma player wangoima ndi mpira ngati akudikira minibasi pa siteji. Mukudziwa pa FIFA, gemu ya mpira ija, X ndiye pass, ndiye mafana akuikana padi imeneyi aliyense akulimbirana inayo, dzulo awiri anatsala pang'ono kugwirana m'makolala wina akuti wadyedwa 4-0 chifukwa cha padi. Padi ina nayo batani la R2 likumata, ukalisiya limabwerera mwaulesi. Kugula zatsopano panopa sindingathe, mitengo yake mukuidziwa nokha. Nditani?

Mfana wa FIFA: kkkkkk wa 4-0 uja asanamizire padi, sadziwa mpira basi. Koma bigi imenyeni pang'ono pachikhatho kumbuyoko, yanga ndikatero imadzuka

Wa Area 25: Poperani WD-40 m'mbali mwa batanimo amwene, kenako muzilidina dina kangapo. Ine loko wa pageti ndimatero ndipo amafewa nthawi yomweyo

Okonza mafoni ku Limbe: Ayi ayi akulu musayerekeze. Padi si loko wa pageti. WD-40 ili ndi mafuta, ikalowa mkati imakakhala pa labala ndi pa kapepala kamagetsi zomwe zili pansi pa mabatani, fumbi lonse la Ndirande likamatirira pamenepo, lero lafa batani limodzi mwezi wamawa afa anayi. Zomenyazonso siyani, mumangomasula zina zomwe zinali bwinobwino. Musanamasule screw ngakhale imodzi ndiyankheni izi kaye. Padi yomweyo mukaiika pa PS4 inayo X imakanabe? Imakana pa FIFA pokha kapena ndi pa menyu pomwe? Nanga mabatani ena onse ali bho, triangle, circle, square, mivi ija, L1 R1?

Wa magemu Ndirande: Ndayesa pompano. Pa ma PS onse awiri ikukana, pa menyu pomwe. Ndikafinya ndi mphamvu cha kumunsi kwa batani nthawi zina imalola. Ena onse ali bwino

Okonza mafoni ku Limbe: Chabwino ndiye makina anu alibe mlandu, nkhani ili mu padi. Ndimafunsa dala chifukwa anthu ambiri amathamangira kutsegula pomwe vuto ndi la ziii. Munthu wina anabwera pa benchi panga akuti mabatani asokonekera akadina X ikuchita za circle, kukaona mwana wake analowa ku Settings, Accessibility, Button Assignments nkusinthanitsa mabatani. Ena kebulo yomwe akugwiritsa ntchito ndi yongotchajira ilibe mawaya a data, padi imayaka kuwala koma siilumikizana ndi PS, iwo nkumati padi yafa. Ndiye ndondomeko yanga ndi iyi, padi yonse ikakhala chete yambani ndi kebulo, batire ndi reset. Mabatani angapo akafa tsiku limodzi ndi kapepala kamagetsi kamkati. Batani limodzi lokha lomwe linayamba kulimba pang'onopang'ono ngati lanuli, pafupifupi nthawi zonse ndi litsiro kapena labala yatha.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu: Reset yo ili pati achimwene? Padi ndakhala nayo zaka zingapo sindinaionepo

Okonza mafoni ku Limbe: Tembenuzani padi, pafupi ndi L2 pali kabowo kakang'ono m'mbali mwa screw. Zimitsani PS kaye, lowetsani kawaya ka pepa kilipi kapena kaja kotsegulira SIM, mudine mugwire masekondi 5, kenako lumikizani ndi kebulo ku PS mudine batani la PS. Sizifufuta ma save anu musaope. Koma kwa akulu a ku Ndirandewa reset siithandiza, yesani poti ndi yaulere koma batani loti likumvera ukalifinya ndiye kuti likufuna kutsukidwa

Wa magemu Ndirande: Reset ndapanga, palibe chasintha. Kutsegula ndikuopa bwana, sindinatsegulepo chinthu choposa remote ya TV

Okonza mafoni ku Limbe: Ngati munatsegulapo remote ndiye theka la ntchito mukulidziwa kale, kapangidwe ndi kamodzi. Pansi pa batani la pulasitiki pali labala yofewa, pansi pa labalayo pali kadontho kakuda ka kaboni. Mukadina, kadonthoko kamakagunda timizere tiwiri pa kapepala kamagetsi nkutilumikiza, padi nkudziwa kuti X yadinidwa. Basi nkhani yonse ndi imeneyo. Ndiye thukuta, mafuta a chipisi, shuga wa mafizesi, zonsezi zimatsetsereka m'mbali mwa batani nkukaunjikana pomwe pakuyenera kugundana paja. Komanso X ndi R2 ndi zomwe zimazunzika kwambiri pa mpira, pass ndi sprint, ndiye labala ya X imang'ambika m'khosi mwake kapena kadontho kakuda kamasalala. Mukatsegula mudziwa kuti ndi chiti.

Mayi a mapasa: Mafuta a chipisi ndiye musanene. Anga awa amachoka pa mbale ya nsima ndi usipa ulendo wa pa padi osasamba m'manja, ndayankhula mpaka ndatopa

Wa Area 25: Nde spiriti wa papo uja wa ku famase sangagwire? Ndi wotchipa

Mfana wa FIFA: Kapena kachasu wa mutu weniweni kkkkk ameneyo amachotsa chilichonse

Admin: Iwe mfana tikuthandiza munthu pano, nthabwala pang'ono

Okonza mafoni ku Limbe: kkkk kachasu asiyireni eni ake. Chofunika ndi isopropyl alcohol, wa 90% kupita m'mwamba, amauma msanga ndipo sasiya kanthu. Okonza mafoni ambiri amakhala naye, pitani ndi kabotolo kakang'ono akuthirireni pang'ono, simufuna wambiri ngakhale kachivindikiro kamodzi kakwana. Spiriti wa papo ali ndi utoto umene umatsalira ukauma, ngati mulibiretu kolowera nyowetsani pang'ono chabe kathonje, osathira, ndipo mudikire ziume bwinobwino. Chomwe ndikukanizeni kwambiri ndi sanitaiza yotsala nthawi ya Covid ija, yambiri ili ndi glycerine imasiya kunanda. Thinner ndi zochotsera kyuteksi ayinso, zimadya pulasitiki ndi timizere ta pa kapepala tomwe

Wa ku Joni: Moni a Malawi. Ine ndingowonjezera, musanatsegule jambulani ndi foni sitepe iliyonse. Ine ndinatsegula yanga ndili ndi chidaliro chonse, pobwezera panatsala tizidutswa tiwiri patebulo mpaka lero sindidziwa kuti tinachokera pati

Wa magemu Ndirande: Chabwino ndalimba mtima. Alcohol ndapeza kwa mnyamata wina wa mafoni pamsika. Ndiuzeni poyambira, ndatseka kaye malo mafana ali panja akusuzumira pawindo

Okonza mafoni ku Limbe: Yalani nsalu yoyera patebulo, osati pamkeka kapena pabedi. Pezani sosala yoikamo ma screw. Kumbuyo kuli ma screw anayi a nyenyezi ang'onoang'ono, screwdriver yake ndi Phillips 00, yomwe timamasulira mafoni. Musakakamize ndi yaikulu kapena nsonga ya mpeni mungaphwanye mutu wa screw ndiye mwalowa m'mavuto ena. Mukachotsa anayiwo chikuto sichingochoka chokha chili ndi timano togwirana, lowetsani kadi yakale ya pulasitiki pamsoko kuyambira ku zogwirira zija muziyenda nayo pang'onopang'ono, muzimva kuti thwa thwa, musaope. Koma apa mvetsani, chikatseguka MUSAKOKE. Pali kalamba kopyapyala koyera kochokera ku chikuto chakumbuyo komwe kuli potchajira ndi nyali kupita pa bolodi ya zamagetsi. Tsegulani ngati buku, gwirani kalambako pa kakhutu kake kolimba nkukasolola molunjika. Mukakadula padi siitchajanso. Kenako zulani batire, gwirani pulagi yake yoyera osati mawaya

Wa magemu Ndirande: Eish yatseguka koma R2 yagwa yokha ndipo china chake chadumpha ndangomva kuti tii pansi

Wa ku Joni: kkkkkkk takulandirani ku mpingo wathu

Okonza mafoni ku Limbe: Ndi kasipuling'i ka R2 kameneko, kawaya kopindika kakang'ono ngati ka pini wa thewera. Ndinaiwala kukuchenjezani pepani. Musasese m'nyumbamo. Tengani maginito, ngakhale a sipika yakufa, muyendetse pansi mukapeza. Pitirizani kaye. Chotsani kathireyi kakuda komwe batire imakhalapo, muona screw imodzi yogwira bolodi. Kumtunda kuli kalamba kena kakang'ono ka touchpad, kasololeninso. Bolodi musainyamule kupita nayo kutali, mawaya a timamota tonjenjemera tija ndi owotcherera pa bolodi pomwepo, ingoitembenuzani mofatsa. Mukatero chimango chonse chamkati chimatuluka, padi ikhale choyang'ana pansi kuti mabatani asamwazike

Wa magemu Ndirande: Amwene zomwe ndaona muno ndachita manyazi. Kuzungulira batani la X kuli chinthu chakuda chonanda ngati phula, m'mphako mwa R2 muli nyenyeswa za chiwaya ndi katsitsi. Labala ya mabatani anayi aja ndaichotsa, pa X kadontho kakuda kaja kakunyezimira pomwe enawo ndi akuda bii osawala. Ndaiunika ndi tochi ya foni m'mbali mwa X muli kamng'alu kakang'ono ngati kudula kwa lezala

Okonza mafoni ku Limbe: Ndiye mwapeza zonse ziwiri, litsiro ndi kutha komwe. Mabatani a pulasitiki ndi chikuto chakutsogolo mutachotsa zamagetsi zonse mukhoza kutsuka ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale, koma ziume kwenikweni, osati kungopukuta. Kapepala kamagetsi pukutani ndi kathonje ka m'khutu konyowa pang'ono ndi alcohol, mopepuka ngati mukupukuta diso la mwana, mukakhula timizere takuda tija timachoka ndipo sitibwerera. Kadontho ka pa labala chimodzimodzi, kamodzi kawiri basi. Kamng'aluko ndiye kalibe mankhwala, labala imeneyo ili paulendo. Igwira masabata angapo koma muyambiretu kusaka ina. Supa guluu musaikepo, imaumitsa labala batani nkukhala ngati mwala

Mphunzitsi wa ku Mzuzu: Ine pa remote ndi pa kakyuleta ndimapaka pensulo pa kadontho kakuda kaja ndipo zimadzuka. Graphite amadutsa magetsi, timaphunzitsa mu Form 2 zimenezi. Pa padi sizingatheke?

Okonza mafoni ku Limbe: Zimatheka aphunzitsi, simunaname. Pensulo yofewa ngati 2B kapena 4B. Koma remote mumaidina kangati patsiku? Padi ya pamalo a gemu X imadinidwa kosawerengeka pa gemu imodzi, ufa wa pensulo umayoyoka msanga ndipo ukamwazikira pa timizere batani limayamba kudzidina lokha. Ndi nzeru yopulumukira Loweruka limodzi, osati yokhalitsa

Wa Area 25: Ine maganizo anga ndi ena. Nthawi yonse mukutayayi bwanji osangogula padi ya ku China ija yotchipa, m'tauni zadzaza, maonekedwe ndi omwewo

Wa magemu Ndirande: Ndinayesapo amwene. Mafana amaizindikira akangoinyamula, akuti ndi yopepuka ngati chikombe cha chimanga, analog yake, kandodo koyendetsera player kaja, siimvera bwino. Siinathe miyezi iwiri pamalo panga

Wa ku Joni: Komanso zabodzazo mkati mwake ndi mosiyana, zipangizo za original sizilowamo, ikafa yafa. Bola original yakale yoti ukhoza kuisintha labala kangapo. Akulu a Ndirande ngati mukufuna labala ndi kapepala kaja kuno ku Johannesburg zimapezeka m'mashopu a zida zamafoni ndi magemu, ndikhoza kupatsira anyamata a transport akamabwera kumudzi. Koma mundiuze nambala ya pa bolodi, ine ndinagulapo zolakwika ndinakhaula

Wa magemu Ndirande: Nambala yake iti? Kumbuyo pa sitika palembedwa CUH-ZCT2 ndi kachilembo kena

Okonza mafoni ku Limbe: Imeneyo ikungotiuza kuti ndi DualShock 4 yachiwiri, yomwe inatuluka 2016 pamodzi ndi PS4 Slim, ija kuwala kwa nyali kumaonekera kamzere pamwamba pa touchpad. Yoyamba ya 2013 ndi ZCT1. Koma pogula zamkati chofunika ndi nambala yolembedwa pa bolodi penipeni, imayamba ndi JDM. Ilipo JDM-001, 011, 020, 030 za mtundu woyamba, kenako 040, 050 ndi 055 za wachiwiri. Kunja zimaoneka ngati mapasa koma kapepala kamagetsi nkosiyana, ka 030 sikalowa pa 040, pomwe kamagundira bolodi mpena. Ndi ma trigger omwe, L2 ndi R2 aja, amasiyana. Poti yatseguka kale werengani pa bolodipo mujambule

Wa magemu Ndirande: JDM-040. Kasipuling'i ndakapezanso, kanamatirira pa maginito a sipika monga munanenera, kanali pansi pa benchi

Mayi a mapasa: Pepani kulowerera nkhani ya eni, poti akatswiri muli pompano. Kwathu vuto si padi koma PS yeniyeniyo. Batani loyatsira lakutsogolo ukaligwira palibe chochitika, ngakhale kulira kuja kwa bii. Ana amayatsira pa padi. Bambo awo anaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi yaikulu ija mbali ina yonyezimira. Yayamba kufa kapena?

Okonza mafoni ku Limbe: Mayi ngati ikuyaka ndi padi ndiye siinafe, mtima ukhale m'malo. Ya mbali yonyezimira ndi PS4 yoyambirira, CUH-1000 kapena 1100, onani pa sitika kumbuyo. Imeneyo mabatani ake a power ndi eject sabonyezeka, ndi ongokhudza ngati sikirini ya foni, anadzasintha pa CUH-1200 ndi pa Slim kuika odina enieni. Ndiye chala chonyowa, mafuta kapena fumbi pa kamzere kaja zimalepheretsa. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma mudikire mphindi zingapo, pukutani pa batanipo ndi kansalu kouma, mubwezere muyese. Zikakanika ndiye kuti kachitsulo kamkati kochokera pa batani kukagunda bolodi kasuntha, zimachitika kwambiri ngati munthu anaitsegulapo poipukuta fumbi nkubwezera chikuto mokhota. Kukonza kwake ndi kungokawongola, koma imeneyo ndisakunamizeni kuti mutsegule nokha. Ma screw ake ndi a Torx a kabowo pakati, komanso muli power supply yomwe imasunga magetsi ngakhale mwazula pulagi. Padi ilibe ngozi yotero, PS ili nayo

Mayi a mapasa: Nanga chimbale chikakanirira mkati batani la eject litafanso?

Mfana wa FIFA: Mami pa menyu pitani pa gemuyo mudine Options pa padi, pali Remove Disc, chimatuluka chokha

Admin: Onani mfana wayankhula zanzeru lero, lembani tsiku

Wa ku Joni: Mayi muyang'anenso mphemvu, sindikuseka. PS4 imafunda mkati ndipo mphemvu zimakonda kukamanga mudzi mu power supply. Isamakhale pansi kapena mu kabati yotseka, ikhale pamwamba podutsa mphepo

Mayi a mapasa: Mwandinyoza a ku Joni kkkk m'nyumba mwanga mulibe mphemvu. Koma ndikayang'ana

Wa magemu Ndirande: Abale zavuta. Ndatsuka zonse, ndaumitsa, ndabwezera, ndamanga. X ikugwira bwino kwabasi kungoikhudza pass yapita. R2 ikubwerera ngati yatsopano. Koma pano triangle ndi R1 zafa, komanso muvi wakumanzere ukugwira mwa apo ndi apo. Izi zinali bwinobwino m'mawa. Ndaononga padi ndi manja anga, bola ndikanangoisiya

Wa Area 25: Ndinanena ine, WD-40 sakanapha triangle

Okonza mafoni ku Limbe: Khazikani mtima pansi simunaononge kanthu. Kumbukani ndinati mabatani angapo akafa limodzi ndi kapepala. Kapepala kameneka sikowotcherera pa bolodi ayi, kali ndi kamzere ka timadontho tamagetsi komwe kamangotsamira pa timadontho ta pa bolodi, kumbuyo kwake kuli kasiponji kopyapyala kokankha kuti zigundane. Ndiye mukabwezera bolodi itapendekeka pang'ono, kapena screw imodzi ija simunaimange bwino, kapena mwagwirapo ndi chala cha mafuta, timizere tina sitigunda ndipo mabatani ake amafa. Tsegulaninso. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi alcohol, pa kapepala ndi pa bolodi. Onani kuti timabowo ta kapepala talowa mu timitu take ta pulasitiki, kasakhale kokwinyika. Kasiponji kaja kakakhala kuti kaphwa chifukwa cha ukalamba, dulani kachidutswa ka tepi wakuda wa magetsi muike pansi pake, chimodzi kapena ziwiri basi, mukachulutsa bolodi imapindika. Ndipo ulendo uno musatseke chikuto musanayese. Lumikizani batire, dinani PS, yesani batani lililonse padi ili chitsegukire

Mphunzitsi wa ku Mzuzu: Poyesapo ngati muli ndi laputopu ya Windows lumikizani padi ndi kebulo, dinani Windows ndi R mulembe joy.cpl, mulowe pa Properties. Batani lililonse mukalidina kanambala kake kamayaka, ma analog ndi ma trigger omwe amaoneka akuyenda. Kusiyana nkuyesera pa FIFA pomwe sudziwa ngati walakwitsa ndiwe kapena padi

Wa magemu Ndirande: Laputopu ndilibe aphunzitsi

Mfana wa FIFA: Foni bigi. Gwirani Share ndi PS limodzi mpaka nyali iyambe kuphethira, muipeza pa Bluetooth ngati Wireless Controller, pa intaneti pali ma gamepad tester aulere. Mukamaliza muilumikizenso ndi kebulo ku PS chifukwa imaiwala kwawo

Wa magemu Ndirande: Magetsi angozima kuno ndipo kwada, ndi tochi ya foni sindingayerekeze kasipuling'i kangathawenso. Ndipitiriza mawa. Lero geni yafa, mafana apita kwa mnzanga wa kuseri

Admin: Mwadzuka bwanji gulu. A Ndirande tiuzeni, padi yadzuka kapena tiyambe kusonkha ya maliro

Wa magemu Ndirande: Mwadzuka bwanji nonse. Yadzuka abale. Ndatsegula 6 koloko kuwala kutangolowa pawindo. Vuto linali langa ndithu, kapepala mbali imodzi kanatuluka pa kamutu kake ndiye bolodi inakapinda pakona, komanso screw ya bolodi ndinangoizungulitsa kawiri poopa kuthyola. Kasiponji nako kanali kataphwa ngati chitumbuwa chogona, ndaika tepi mmodzi. Ndayesa pa foni monga ananenera mfana, mabatani onse akuyaka. Chomwe chinandidyera nthawi ndi kubwezera R2 ndi kasipuling'i kake, mwendo umodzi umayenera kutsamira pa chimango wina pa trigger, ndinachita kuonera pa L2 yomwe sinagwe. Kalamba koyera kaja polowetsa manja amanjenjemera ngati ndikulowetsa ulusi pa singano ya agogo

Okonza mafoni ku Limbe: Mwagwira ntchito akulu. Poti manja azolowera chitani chimodzimodzi ndi padi ya R2 yomata ija, imeneyo mwina simufika nkomwe pa bolodi, chotsani trigger mutsuke m'mphako. Muonenso timapini take ta pulasitiki tomwe imazungulirapo, tikathyoka trigger imagwedera ndipo mpofunika ina. Chokhacho chomwe musadzayese ndi analog ikayamba kuyenda yokha kapena L3, kudina kwa analog yakumanzere kuja, ikasiya kugwira, imeneyo ndi yowotcherera pa bolodi miyendo yambirimbiri, imafuna soldering iron yabwino ndi dzanja lozolowera

Wa magemu Ndirande: Dikirani, ndasokoneza ine. R2 yomata inali pa padi inayo eti, ine ndimasangalala ndi R2 ya padi ya X yomwe sinali ndi vuto kkkkk. Ndiitsegula madzulo

Wa ku Joni: kkkkk ndiye mwatsuka yabwinobwino. Palibe kanthu inali ndi nyenyeswa. Nditenga ma seti a labala anayi ndi timapepala tiwiri ta 040, koma mapadi atatu enawo muwaonenso nambala musangoganiza kuti ndi ofanana. Ndiikamonso timasipuling'i tapadera poti mwaonetsa kale khalidwe lanu

Mayi a mapasa: Ine ndinazula pulagi ndinapukuta, batani la power lagwira kawiri kenako lasiyanso. Ndipita nayo kwa okonza kumapeto a mwezi, pakadali pano aziyatsira pa padi. Za mphemvu zija sindiyankha

Wa Area 25: Ndiye kuti zinalipo

Mphunzitsi wa ku Mzuzu: A Ndirande ikani beseni ndi sopo pakhomo, wofuna padi ayambe wasamba m'manja. Chiwaya azidyera panja

Wa magemu Ndirande: Beseni ndaika kale m'mawa uno, akudandaula akuti ndayamba za kuchipatala. Wa 4-0 uja anabwera 9 koloko kufuna rematch, ndinamupatsa padi yomwe ndakonzayo adzionere yekha kuti X ili bho. Wadyedwa 5-1, pano akuti TV ikuchedwa

Mfana wa FIFA: Ndinanena ine. Mumuuze Loweruka ndikubwera, asankhe yekha padi ndi TV yomwe